Manja Aphunzire Tsiku Lisanafike

M'mabwalo a ndege, m'masiteshoni a sitima ndi m'masukulu a ku Japan, ku Denmark kapena ku Britain mumapezeka kabokosi kopachikidwa pakhoma, kolembedwa zilembo zitatu: AED. M'katimo muli makina amene amayeza kagundidwe ka mtima wa munthu amene wagwa mwadzidzidzi, ndipo akaona kuti m'pofunika, amaudzidzimutsa ndi magetsi kuti uyambirenso kugunda bwino. Makinawa ali ndi anzake amene satchuka kwenikweni. Maonekedwe ndi amodzimodzi, mabatani ndi omwewo, mawu amene amatulukamo ndi omwewo, koma m'kati mwake mulibe mphamvu yoti n'kugwedeza mtima wa munthu. Ndi ophunzirira basi. Amasungidwa m'chikwama pamodzi ndi chidole cha pulasitiki chokhala ndi mutu ndi chifuwa, chopanda manja ndi miyendo.

Ambiri amaona ngati makina ophunzirirawa ndi choseweretsa, chinthu chimene mungachisiye pogula ngati ndalama zachepa. Ine ndimaona mosiyana. Makina enieni aja, kaya akhale odula chotani, satuluka okha m'bokosi. Pamafunika munthu woti awatsitse, agwade, ang'ambe malaya a mnzake ndi kumata zomata pachifuwa, anthu ali piringupiringu ndipo wina akulira. Kulimba mtima kotereku kumachokera kumanja amene anachitapo kale zomwezi pamalo pamene kulakwitsa sikupha munthu.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi mtimawo. Mtima umagunda chifukwa cha timagetsi tating'ono timene timayambira pamalo amodzi chakumtunda kwake n'kufalikira mnofu wonse mwadongosolo, kotero kuti mnofuwo umafinya pamodzi n'kukankha magazi. Nthawi zina dongosololi limasokonekera. Mbali iliyonse ya mnofu imayamba kudzigwedezera payokha, mtima n'kumangonjenjemera osapopa kanthu. Madokotala amatcha vutoli ventricular fibrillation. Amene anaonapo amayi atatu akukonola mumtondo umodzi akudziwa kuti misi imatsika mosinthana, uwu ukamatsika uwo ukukwera. Mmodzi akasokoneza, misi imawombana m'mwamba ndipo chimanga sichikonoka. Chimene amachita ndi kuima onse, kenaka mmodzi n'kuyambanso, enawo n'kumutsatira. Ntchito ya magetsi a AED ndi yomweyo: amaimitsa chisokonezo chonse kamodzin'kamodzi kuti malo oyambitsa kugunda aja atsogolerenso.

Apa pali mfundo imene mafilimu anatisokoneza nayo. Magetsi sadzutsa mtima umene wangoti zii. Amathandiza mtima umene ukadanjenjemera, ndipo kunjenjemerako sikukhalitsa; kumanka kufooka mpaka kutheratu. Ubongo nawo umayamba kuwonongeka pakadutsa mphindi zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi usakulandira magazi. N'chifukwa chake akatswiri amati mphindi iliyonse imene ikudutsa popanda chithandizo imachepetsa mwayi wopulumuka ndi 7 mpaka 10 peresenti. Kudinikiza pachifuwa kumayendetsako magazi pang'ono ndi kuchedwetsa imfa, pamene magetsi ndiwo amakonza chisokonezocho. Kafukufuku wina wotchuka, wotsogoleredwa ndi Terence Valenzuela ndipo anasindikizidwa mu 2000, anachitikira m'nyumba za juga za ku America, kumene alonda wamba anaphunzitsidwa kugwiritsa ntchito makinawa. Mwa anthu amene anaonedwa akugwa ndipo mtima wawo unali kunjenjemera, 74 pa 100 alionse anapulumuka ngati magetsi anawafika mphindi zitatu zisanathe. Amene anachedwerapo, anapulumuka 49 pa 100. Palibe ambulansi padziko lapansi imene ingalonjeze kufika m'mphindi zitatu. Amene angathe ndi munthu amene ali pomwepo.

Mbiri ya makinawa ndi ulendo wosendera kufupi ndi munthu ameneyu. Mu 1947, dokotala wa opaleshoni Claude Beck wa ku Cleveland anapulumutsa mnyamata wa zaka 14 pogunditsa magetsi pamtima penipeni, chifuwa chili chotsegula. Mu 1956, Paul Zoll wa ku Boston anasonyeza kuti magetsi angadutse pachifuwa chosang'ambidwa. Mu 1965, Frank Pantridge wa pachipatala cha Royal Victoria ku Belfast, ataona kuti ambiri amafa asanafike kuchipatala, anakonza makina oti aziyenda mu ambulansi. Ankalemera pafupifupi makilogalamu 70 ndipo ankayendera mabatire a galimoto. M'kupita kwa zaka makinawa anachepa, anapepuka, ndipo anaikidwa nzeru zoyeza okha mtima ndi kulankhula. Ku Japan, kuyambira mu 2004, lamulo linalola munthu wamba aliyense kuwagwiritsa ntchito. Pamenepo vuto linasamuka. Makina anali atafika pakhoma. Chotsala chinali munthu woti awatambasulire dzanja.

Koma ntchito imeneyi sungaiphunzire pa munthu wamoyo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pamene Peter Safar ankafuna kutsimikizira kuti kuuzira mpweya pakamwa kumathandiza, anachita kupempha anthu odzipereka ku Baltimore, amene ankapatsidwa mankhwala ogonetsa ndi oimitsa kupuma kuti ena ayeserere pa iwo. Umboni unapezeka, koma njira imeneyo sikanatheka pophunzitsa chikhamu cha anthu. Chimodzimodzinso kudinikiza pachifuwa, kumene William Kouwenhoven, James Jude ndi Guy Knickerbocker a ku Johns Hopkins anakufotokoza mu 1960: sungakuyesere pa mnzako wathanzi popanda kumuvulaza. Yankho linachokera kwa munthu amene sanali dokotala. Åsmund Laerdal, wa ku Stavanger m'dziko la Norway, ankapanga zidole za ana ndi pulasitiki wofewa, ndipo anali atapulumutsapo mwana wake wamng'ono amene anatsala pang'ono kumira. Pogwirizana ndi Safar komanso dokotala wina wa ku Norway, Bjørn Lind, anatulutsa mu 1960 chidole chachikulu ngati munthu chotchedwa Resusci Anne. Makina a AED ophunzirira ndi mbadwa ya ganizo lomwelo: kupatsa munthu malo oti alakwitse, akonzedwe, abwerezenso.

Tiyeni tilowe m'chipinda chophunzirira tione zimene zimachitika. Chidole chagonekedwa chagada pansi. Wophunzira amagwada pambali pake, n'kuchigwedeza mapewa: "Bambo! Bambo! Mukundimva?" Amayang'ana pachifuwa kwa masekondi osapitirira 10 kuti aone ngati akupuma. Kenaka amaphunzitsidwa kusangokuwa kuti anthu athandize, koma kuloza munthu mmodzimmodzi: "Achimwene a malaya ofiirawo, imbani foni kuchipatala. Mayi, thamangani mukatenge makina aja." Amaika tsinde la chikhatho pakati pa chifuwa, dzanja lina pamwamba pake, zigongono zowongoka, n'kuyamba kudinikiza. Chifuwa chiyenera kulowa masentimita 5 mpaka 6, ndipo adinikize ka 100 mpaka ka 120 pamphindi. Zidole zambiri zimalira kuti "kete" akafika pamlingo woyenera, ndipo poyamba ambiri samva kulira kumeneku chifukwa amachita mwachifundo, kuopa kupweteka. Mphindi ziwiri zisanakwane, thukuta lili kamukamu ndipo mikono yayamba kulefuka. Apa m'pamene munthu amamvetsa, popanda womuuza, chifukwa chake odinikiza ayenera kumasinthana.

Makina akafika, amatsegula chivundikiro kapena kudina batani loyatsira, ndipo mawu amayamba kumulangiza. Amatulutsa zomata ziwiri zokhala ndi zithunzi. Chimodzi chimapita kumtunda kwa chifuwa chakumanja, m'munsi mwa fupa lopingasa la paphewa. China chimapita kumanzere, m'nthiti, m'munsi mwa khwapa. Makina amalamula kuti aliyense asakhudze wodwala pamene akuyeza mtima. Akanena kuti magetsi akufunika, wophunzira amamwaza maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukuwa kuti, "Aliyense atalikire!" Amadina batani lothwanima, ndipo nthawi yomweyo amabwereranso pachifuwa osadikira kuona ngati munthuyo wadzuka. Pakatha mphindi ziwiri makina amayezanso. Mphunzitsi amakhala chapatali ndi rimoti m'manja, kusintha zochitika: ulendo uno makina anena kuti magetsi sakufunika, ulendo wina adandaula kuti chomata sichinagwire bwino, ulendo wina kuti batire latsala pang'ono kutha.

Zolakwa zimene zimaonekera m'chipindamu ndi zomwezomwezo kulikonse. Wina amaiwala kuyatsa makina. Wina amamata chomata pamwamba pa malaya, kapena pamimba. Wina amasiya kudinikiza n'kumangoyang'ana makina akulankhula. Wina amadina batani bondo lake likukhudza chidole. Cholakwa chilichonse chikachitikira pano, mtengo wake ndi manyazi pang'ono ndi kuyambiranso. Chikachitikira pa munthu weniweni, mtengo wake ungakhale moyo. Palinso phindu lina kwa ife: makina ambiri amene amafika kwathu kuno amalankhula Chingerezi, mwa kalankhulidwe kachilendo, ndipo mantha akakugwira ngakhale chinenero chimene umachidziwa chimakuthawa. Munthu amene anamvapo mawu amenewa kangapo pophunzira safunikanso kuwamasulira m'mutu; amadziwa kale chimene chikubwera.

Wina angatsutse kuti makinawa anapangidwa osavuta dala kuti asafune maphunziro, ndipo akunena zoona. Mu 1999, ofufuza a ku Seattle anapatsa makinawa ana a sukulu a zaka pafupifupi 12 amene anali asanaphunzitsidwepo. Anawo anafika podina batani m'masekondi 90, pamene akatswiri a mu ambulansi anatenga masekondi 67. Uthenga wake ndi wolimbikitsa, ndipo uyenera kumveka ponseponse: munthu amene sanaphunzirepo asaope kutsegula bokosilo, chifukwa makina sangatulutse magetsi pa mtima umene sukuwafuna. Komabe tisaiwale kuti anawo anayesedwa pa chidole, akudziwa kuti ndi zoyeserera. Pansipo sipanagone bambo wawo. Kudina mabatani n'kosavuta. Chovuta ndi kuzindikira kuti nthawi yake ndi ino, n'kusuntha miyendo pamene ena onse auma.

Kuzindikira kumeneku n'kumene kumadya mphindi zambiri. Munthu amene mtima wake waima sakhala phee nthawi zonse. Kawirikawiri amakoka mpweya mwa apo ndi apo, mobanika, ngati akuliza mkonono, ndipo oona amati akupuma. Nthawi zina amaphiriphitha kwa kanthawi, anthu n'kuganiza kuti ndi khunyu. Tonse tikudziwa zimene timachita munthu akagwa pamsika, kutchalitchi kapena pabwalo la mpira. Timati wakomoka. Wina amathamangira madzi n'kumuthira kumutu, wina amavula malaya n'kumamukupiza, ena amamudzutsa kuti akhale tsonga, ena amasakasaka galimoto. Zonsezi ndi chikondi, ndipo palibe woyenera kunyozedwa nazo. Koma ngati mtima waima, chikondi chimenechi chimatha mphindi zomwe zija zimene sizibwerera. Lamulo limene chidole chimakhomereza m'mutu ndi lalifupi: ngati sakuyankha ndipo sakupuma bwinobwino, yamba kudinikiza ndipo tuma munthu akatenge makina.

Mpira wa miyendo watisonyeza zimenezi maso athu akuona. Pa 12 Juni 2021, Christian Eriksen wa timu ya Denmark anagwa pabwalo la Parken ku Copenhagen akusewera ndi Finland. Azaumoyo anafika msanga, anamudinikiza pachifuwa, ndipo magetsi a ulendo umodzi anabwezeretsa mtima wake. Chaka chotsatira anabwerera m'bwalo. Pa 17 Malichi 2012, Fabrice Muamba wa Bolton anagwa pabwalo la Tottenham ku London. Mtima wake unakhala mphindi 78 usakugunda pawokha, anadzidzimutsidwa ndi magetsi ka 15, ndipo anakhala ndi moyo chifukwa manja sanasiye kudinikiza kuchokera pabwalo mpaka kuchipatala. Koma tikukumbukiranso Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon, amene anagwa ku Lyon pa 26 Juni 2003 osadzukanso, ndi Chaswe Nsofwa wa ku Zambia, amene anagwa pamasewero okonzekera ku Israel mu Ogasiti 2007 n'kumwalira. Onse awiri anali ndi zaka 28. Sikungakhale chilungamo kunena kuti aliyense wa iwo akanapulumuka, pakuti mitima ina siibwerera ngakhale zonse zitachitika bwino. Chimene nkhanizi zikutiuza n'chakuti vutoli limagwira ngakhale anyamata amphamvu, ndipo kumene munthu anapulumuka kunali anthu amene sanaime kufunsana chochita. Chakudza sichiimba ng'oma; iwo anali atakonzekera kale.

Ngakhale ndikuyamikira zipangizo zophunzirirazi, sindingabise kuti zili ndi malire, ndipo mphunzitsi wabwino amawatchula poyera. Chidole sichituluka thukuta, pamene chifuwa chenicheni chonyowa chiyenera kupukutidwa kuti zomata zigwire. Chidole chilibe ubweya, pamene munthu wacheya chambiri angafunike kumetedwa msanga ndi lezala limene limasungidwa m'bokosimo. Chidole sichithyoka nthiti, pamene pa munthu, makamaka wachikulire, nthiti zimatha kuthyoka, ndipo wodinikiza akamva kulira kwake amafuna kusiya. Ayenera kuuzidwiratu kuti asasiye: nthiti zimapola.

Malire akulu kwambiri akukhudza amayi. Kwa zaka zambiri zidole zophunzirira zakhala za chifuwa chosalala, chopanda mabere. Kafukufuku wa ku America ndi Canada wotsogoleredwa ndi Audrey Blewer, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti pamalo a anthu ambiri, amuna 45 pa 100 alionse anathandizidwa ndi odutsa, pamene amayi anali 39 okha. Anthu amachita manyazi, amaopa kunamiziridwa, ndipo ena sadziwa kuti chomata chikhale pati. Kwathu kuno, kumene thupi la mayi limalemekezedwa kwambiri, kuzengereza kumeneku n'kosavuta kukumvetsa. Koma ulemu umene umasiya mayi akufa suli ulemu umene makolo ankatanthauza. Opanga zidole ena ayamba kuikako mabere, ndipo ngakhale kumene kulibe zoterezi, mphunzitsi angaveke chidole bulauzi ndi kamisolo kuti ophunzira azolowere kudula ndi sizasi. Tili kalenso ndi nzeru yathu: mayi akapezeka ndi vuto panjira, amayi anzake amatambasula zitenje n'kumuzungulira. Zimenezi ziyenera kulowa m'maphunziro, kuti wina azidinikiza, wina akumata, ena atatchinga.

Malire ena ndi akuti pophunzira nkhani imakonda kutha bwino. Zoona zake n'zakuti ngakhale m'mayiko olemera, mwa anthu amene mtima umaima ali kunja kwa chipatala, amene amapulumuka ndi pafupifupi mmodzi pa khumi. Wophunzira amene sanauzidwe zimenezi adzanyamula mlandu umene si wake, ndipo m'mudzi momwe imfa yadzidzidzi imafunsidwa mwini, mantha akuti "adzati ndamupha ndine" ndi enieni. N'chifukwa chake rimoti ya mphunzitsi ija ndi yofunika. Nthawi zina makina azikana kutulutsa magetsi mpaka mapeto, chidole chisadzuke, ndipo kalasi ikambirane. Ophunzira atuluke akudziwa kuti munthu amene mtima wake waima ali kale panjira ya imfa, ndipo woyesa kumubweza sangawonjezere tsoka lake.

Dziko la Denmark linasonyeza zimene zimachitika maphunzirowa akafika kwa anthu ambiri. Kuyambira mu 2005 anakhala okakamiza m'masukulu a pulayimale, ndipo kuyambira mu 2006 aliyense wofuna laisensi yoyendetsera galimoto anayenera kuwachita. Pakati pa 2001 ndi 2010, anthu othandizidwa ndi odutsa anakwera kuchoka pa 21 kufika pa 45 mwa 100 alionse, ndipo okhalabe ndi moyo patatha masiku 30 anakwera kuchoka pa 3.5 kufika pa 10.8 peresenti. Zinthu zina zinasinthanso m'zaka zimenezo, choncho sitinganene kuti chidole chokha ndicho chinachita zonsezi, koma njira imene zinthu zinalowera ndi yoonekeratu. Chinanso chimene aphunzitsi apeza n'chakuti luso limeneli limazilala pakangopita miyezi yochepa. Satifiketi ya zaka zitatu zapitazo siidinikiza chifuwa. Kubwereza kwa mphindi zochepa, kawirikawiri, kumaposa msonkhano wautali wa kamodzi. Izi zikutanthauza kuti makina ophunzirira sayenera kubwera ndi mlendo n'kubwerera naye tsiku lomwelo. Ayenera kukhala pamalopo.

Nanga ife, kumene malungo, chifuwa chachikulu, uchembere ndi ngozi zapamsewu zikutenga miyoyo yambiri, ndipo ambulansi ili kutali? Funsoli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Sindikunena kuti pamudzi uliwonse papachikidwe AED pamene chipatala chapafupi chikusowa mankhwala. Munthu amene mtima wake wabwezeretsedwa amafunikabe galimoto ndi chipatala chomusamala. Komabe matenda othamanga magazi ndi a shuga akuchuluka pakati pathu, ndipo makinawa alipo kale m'malo ena: m'zipatala, m'mabwalo a ndege, m'mahotela, kumigodi, m'makampani ndi m'matimu ena a mpira. Abale athu ambiri ku Johannesburg, ku London ndi ku Manchester amagwira ntchito zaulonda ndi zosamalira okalamba, m'nyumba zimene bokosilo lili pakhoma pomwepo. Kumene makina alipo kale, kusaphunzira ndi kutaya chuma chimene chinagulidwa kale. Ndipo kudinikiza pachifuwa, kumene ndi theka la ntchito yonse, kumangofuna chidole chimodzi chimene sukulu zingapo zingamabwerekane.

Chimene ndimaopa ndi makina operekedwa pamwambo, kujambulidwa, kenaka n'kukhomeredwa mu ofesi ya bwana chifukwa ndi odula, kiyi n'kumayenda naye. Zomata zake zili ndi tsiku lotha ntchito, batire limafooka, ndipo palibe amene amadziwa chifukwa palibe amene amatsegula. Anthu amasamala chinthu chimene amachidziwa. Kumene ogwira ntchito amayeserera miyezi ingapo iliyonse, kumapezeka munthu wofunsa kuti makina enieni ali kuti, kiyi ali ndi ndani, nanga kagetsi kosonyeza kuti ali bwino kakuyaka. Kumapezekanso wokumbukira chenjezo lofunika, lakuti makina ophunzirira alembedwe moonekera ndipo asasungidwe pamodzi ndi enieni, kuti pa tsiku la ngozi wina asathamange ndi bokosi lopanda magetsi.

Choncho aliyense amene akugula kapena kupereka AED, kaya ndi kampani, mpingo, sukulu kapena timu ya mpira, awerengere pamtengo womwewo makina ophunzirira, chidole ndi nthawi yoyeserera. Mtengo wa ophunzirira ndi kachigawo chabe ka mtengo wa enieni. Ndipo ophunzitsidwa asakhale akuluakulu a mu ofesi okha, koma amene amakhala pamalopo nthawi zonse: mlonda wa pageti, mayi wosesa, mphunzitsi wa masewera, woyimbira mpira, dalaivala. Poyendera malo oterowo, tisakhutire ndi kuona bokosi pakhoma. Tifunse kuti ndani pano amene anagwadapo pa chidole, ndipo anachita liti komaliza. Yankho la funso limeneli ndi limene lingatiuze ngati munthu wogwa pamalopo ali ndi mwayi wobwerera kwawo wamoyo.